Land Rover 109 ya 1/24: zolemba za ntchito ya matayala, vinyl kapena rezini

Kumapeto kwa Seputembala

Tikumanga kagalimoto kachitsanzo ka pulasitiki kogula m'bokosi tizidutswa. Chasisi yatha kumangidwa, masipuling'i onse anayi ali m'malo mwake, maekiselo awiri alowa koma sanamatidwe. Tayimira pamenepa dala, chifukwa nkhani ya matayala iyenera kugamulidwa ekiselo isanamatidwe. Galimotoyi ndi Land Rover Series III 109, mtundu uja unkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, pa sikelo ya 1/24, kutanthauza kuti muyeso uliwonse wa galimoto yeniyeni wagawidwa ndi 24. M'bokosi muli matayala asanu akuda, ofewa, a vinyl: anayi apansi ndi sipeya wa pa boneti. Malimu ake ndi a pulasitiki yolimba ya polystyrene, yomweyo ya thupi lonse la galimoto.

Tayala limodzi linali litagona pa chitseko chakumbuyo m'thumba limodzi, ndipo pachitsekopo pasiyidwa chizindikiro chozungulira, chonyezimira, chimene mukachikanda ndi chikhadabo chimalowa. Ambiri akaona zotere amati dzuwa lasungunula pulasitiki. Si dzuwa lokha ayi. Polystyrene imayamba kufewa yokha kutentha kukayandikira madigiri 100, ndipo bokosi losungidwa m'nyumba silifika pamenepo, ngakhale mumzinda wa Tete mwezi wa Novembala.

Vinyl ndi PVC, yomweyo ya mapaipi a madzi. PVC payokha ndi youma gwa, choncho opanga amathiramo mankhwala amafuta otchedwa plasticizer kuti ifewe. Mafutawa sakhalamo mpaka kalekale. Amatuluka pang'onopang'ono, ndipo akakumana ndi polystyrene amalowamo n'kuifewetsa. Kutentha kumangowafulumizitsa. Zimawonongeka ziwiri nthawi imodzi: limu imafewa n'kupindika, pamene tayala lotaya mafuta ake limauma, kufupika pang'ono, kenako kung'ambika, makamaka likakhala kuti linavalidwa mothina.

Si vinyl yense amachita zimenezi. Matayala ena akuda ofewa ndi a mphira wa mtundu wina ndipo amakhala zaka zambiri osadya limu. Ndi maso simungawasiyanitse, n'chifukwa chake tayesa tisanawononge ndalama.

Kumayambiriro kwa Okutobala

Tadula tizidutswa titatu ta pulasitiki yafulati yokhuthala 1 mm. Koyamba tasiya kosapaka kanthu. Kachiwiri tapaka vanishi ya acrylic kawiri n'kukasiya kuti kaume masiku awiri. Kachitatu takuta ndi tepi ya aluminiyamu. Pa kalikonse tagoneka tayala limodzi ndi nati yaikulu pamwamba kuti litsamire bwino. Zonse zatumizidwa ku Moatize, pafupi ndi Tete, zikakhale pa shelefu pansi pa denga la malata. Kuno ku Ulongué tili pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndipo usiku kumazizira, yankho likanachedwa. Komanso galimotoyi ikatha ikakhala kuchigwa cha Zambezi, kumene Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40.

Podikira tatenga miyeso, chifukwa osayeza simungadziwe magudumu oyitanitsa m'malo mwa a vinyl. Land Rover 109 imavala tayala la 7.50x16. Tayala lotere, kuyeza modutsa pakati, limakhala pakati pa 800 mm ndi 820 mm, malinga ndi amene analipanga. Kugawa ndi 24 kumatipatsa pakati pa 33.3 mm ndi 34.2 mm. Limu ya mainchesi 16 ndi 406 mm, pa sikelo yathu 16.9 mm, koma umenewo ndi muyeso wa pomwe tayala limakhazikika. Mlomo wa limu wooneka kunja ndi wokulirapo, pafupi 18 mm, ndiye musadabwe kalipa, kachida koyezera kopana chinthu mbali ziwiri, ikakuwonetsani nambala imeneyo. Mabawuti ndi asanu, pa mzere wozungulira wa 165.1 mm kuyeza modutsa pakati, womwe pa 1/24 ndi 6.9 mm. Kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo ndi mainchesi 109, omwe ndi 2,769 mm, pa sikelo 115.4 mm. Nambala yomalizayi tiifuna kwambiri pomata magudumu.

Chenjezo kwa oyitanitsa: magalimoto ambiri a ku America amapangidwa pa 1/25, osati 1/24. Kusiyana kwake ndi 4 peresenti, pa tayala lathu kupitirira pang'ono 1 mm. Pa pepala zikuoneka zochepa, koma galimoto ikakhala pa magudumu ochepa chotere mpata wa m'madigadi umakula ndipo diso limazindikira msanga.

Tayeseranso kuchotsa msoko wa chikombole, kamzere kotukuka kotsala pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana, pa tayala la vinyl lachinayi. Msokowu umadutsa pakati penipeni pa zidindo, timano ta tayala togunda pansi. Mpeni umaterereka kapena kudula mopitirira, sandipepala amangodzutsa timaubweya. Njira yothandizako ndi kuika tayala mufiriza kwa ola limodzi kuti liume, kulivala pa chogwirira chozungulira n'kulipala mwachangu ndi sandipepala wa 320 lisanafewenso. Msoko umachoka pamwamba pa zidindo, koma m'timipata mwake umatsala.

Kumapeto kwa Okutobala

Zidutswa zabwerako. Chosapaka chili ndi mphete yofewa ngati chingamu, ndipo tayala linakakamira polichotsa. Cha vanishi sichinafewe mkati, koma vanishiyo yasanduka yomata pomwe panagunda tayala, kusonyeza kuti mafuta alowamo ndipo akupitirira. Cha aluminiyamu chilibe kanthu.

Apa pali njira ziwiri zoona. Yoyamba ndi kusunga vinyl koma kukuta mbali yonse ya limu yogundana ndi tayala ndi tepi ya aluminiyamu kapena Bare-Metal Foil, kapepala kachitsulo kopyapyala komata kokha, osasiya kampata ngakhale kamodzi, n'kupala limu pang'ono kuti tayala lilowe mosathina. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo imateteza limu ndithu. Amene galimoto yake ndi ya mumzinda, yoyera, ya matayala osafuna penti, aitsate ndi mtima wonse. Koma siiletsa tayala kuuma ndi kung'ambika, ndipo penti imavutabe: ya enamel pa vinyl siuma, imakhala yomata miyezi ndi miyezi, pamene ya acrylic imauma koma imasweka tayala likangopindika.

Yachiwiri ndi kusiya vinyl n'kuika magudumu a rezini, pulasitiki yothiridwa m'chikombole ili yamadzi n'kuuma gwa, ndipo ndi imene tasankha. Zifukwa zake ndi kutentha kwa kumene galimoto ikakhale, fumbi lomwe tikufuna kuika m'zidindo kuti ioneke ya m'misewu ya ku Angónia, ndi sipeya. Sipeya wa pa boneti ndiye woopsa kuposa onse, chifukwa mbali yake yonse imagona pa pulasitiki yopentedwa, pamalo pomwe aliyense amayamba kuyang'ana. Limu yofewa imabisika m'kati mwa gudumu, koma boneti yodyeka sibisika.

Rezini nayo ili ndi zake, tisabise. Ya polyurethane yambiri imayamba kufewa pa madigiri 50 mpaka 70, pansi kwambiri poyerekeza ndi polystyrene. Galimoto yomalizidwa ikasiyidwa m'galimoto yeniyeni yotsekedwa padzuwa, kapena pawindo, gudumu la rezini likhoza kupendekeka. Imaswekanso ikagwa, ndipo ndi yolemera.

Kumayambiriro kwa Novembala

Magudumu a rezini afika, adutsira ku Johannesburg. Ndi anayi, tayala ndi limu zoumbidwa pamodzi, ndipo pansi pake ndi pophwatalala pang'ono ndi timimba totukuka m'mbali, monga limaonekera tayala lenileni likasenza galimoto. Kalipa ikuti 33.8 mm, ali m'kati mwa muyeso wathu. Sipeya mulibe. Gudumu lophwatalala pansi silingakhale sipeya, chifukwa sipeya sasenza kanthu, ndiye ameneyo tiumba tokha.

Ntchito yoyamba ndi kutsuka. Rezini imabwera ndi mafuta a m'chikombole, ndipo penti kapena guluu sizigwira pa mafutawo. Madzi ofunda, madontho a sopo wotsukira mbale, mswachi wakale, kutsukuluza, kenako kusiya usiku wonse kuti ziume. Madzi akamaundana timadontho pamwamba m'malo moyala, mafuta akadalipo, bwerezani.

Gudumu lililonse lili ndi chitsa pansi, pomwe rezini inathiridwira. Osachithyola ndi pulayala, chimanyamula zidindo. Tachidula ndi kasowo kopyapyala ka mano ang'onoang'ono, kusiya pafupi theka la milimita, kenako tapala chotsalacho pa sandipepala wa 400 woyalidwa pagalasi. Sandipepala ndiye amakhala, gudumu ndilo limayenda, kuti pansi pakhale fulati. Kupala konse kuchitike ndi madzi, mutavala chophimba kumphuno cha FFP2. Fumbi la rezini ndi losalala kwambiri ndipo si la m'mapapo. Mukatha pukutani tebulo ndi nsalu yonyowa, osasesa.

Palani mowerenga. Gudumu limodzi likapalidwa kuposa anzake ndi 0.3 mm yokha, galimoto imayima pa atatu. Tayeza onse anayi kuchokera pansi pophwatalala kufika pakati pa habu mpaka nambala zitafanana.

Limu imodzi inali yokhota pang'ono kumlomo. Taiviika m'madzi otentha pafupi madigiri 65 kwa theka la mphindi, kuiwongola ndi zala pagalasi, n'kuiika m'madzi ozizira tili chigwirire. Madzi owira ayi, amafewetsa gudumu lonse. Timabowo ta mpweya tomwe tinali pa zidindo ziwiri tatitseka ndi kadontho ka supaguluu ndi kasoda wophikira pamwamba. Zimauma nthawi yomweyo, koma palani ola lisanathe, chifukwa pambuyo pake zimalimba kuposa rezini ndipo sandipepala amadya mozungulira n'kusiya kachitunda.

Bowo lakumbuyo kwa gudumu silikugwirizana ndi nsonga ya ekiselo. Zimenezi ndi zachizolowezi, ndipo nsonga ya pulasitiki ija ndi yofooka kale kwa gudumu lolemera magalamu 7 kapena 8. Tadula nsonga zonse zinayi pamalire a dilamu ya buleki. Pakati pa ekiselo talasa kadontho ndi singano, taboola ndi 0.8 mm poyamba, kenako 1.5 mm, kuya 5 mm, ndi chibowolero chapamanja. Cha magetsi chimatenthetsa pulasitiki n'kuisungunula. M'bowomo talowetsa kandodo ka brass ka 1.5 mm, kotulukira kunja 4 mm. Bowo la m'gudumu taliboola 1.7 mm dala. Kampata ka 0.2 mm ameneko ndi kamene kadzatilole kuwongola gudumu guluu asanaume.

Pakati pa Novembala: sipeya

Apa ndi pamene pali ntchito yambiri. Chitsanzo chake ndi tayala la vinyl lomwe lachotsedwa msoko, lovalidwa pa limu yake. Mpata uliwonse pakati pa tayala ndi limu watsekedwa ndi dongo loumbira lopanda salufa, apo ayi silikoni imalowamo n'kutsekera chitsanzo m'kati.

Silikoni yopangira chikombole ili mitundu iwiri, ya platinum ndi ya tin. Ya platinum ndi yabwino ndipo sifupika, koma imakana kuuma ikagundana ndi salufa, mphira wa latex, ndi vinyl wina. Imatsala yamadzimadzi pomwe pali zidindo zomwe mukuzifunazo. Pa tayala la vinyl gwiritsani ntchito ya tin. Ngati muli ndi ya platinum yokha, pakani chitsanzo vanishi ya acrylic, chiume bwino, ndipo yesani kadontho pambali musanathire yonse. Silikoni ya m'chubu yomatira magalasi ndi mabafa isiyeni, siuma bwino ikakhuthala.

Bokosi la chikombole ndi la tizidutswa ta Lego, 55 mm mbali zonse mkati, kuti silikoni ikhale 10 mm kuzungulira tayala. Theka la tayala lakwiriridwa m'dongo, mzere wolekanira ukudutsa paphewa la tayala osati pakati pa zidindo, kuti msoko watsopano ukhale posavuta kupala. M'makona anayi tabowola timaenje ndi nsonga ya pensulo, kuti mbali ziwiri za chikombole zizilumana malo amodzi nthawi zonse. Taikanso kamtengo ka pulasitiki ka 3 mm kukhala njira yothirira, ndi kena ka 1 mm pamalo okwera kwambiri kukhala potulukira mpweya. Silikoni yonse ndi pafupi 90 ml, theka mbali iliyonse. Yoyamba pang'ono ipakeni m'zidindo ndi kaburashi, yotsala ithireni kuchokera pamwamba, ikutsika ngati kaulusi, pakona imodzi. Ikauma tembenuzani, chotsani dongo, pakani Vaseline wochepa pa silikoni yonse yoonekera, kenako thirani mbali yachiwiri. Mukaiwala Vaseline mbali ziwirizo zimagwirana n'kukhala chinthu chimodzi.

Kunena za rezini yothira, pali msampha umodzi waukulu kuno kwathu. Yopezeka mosavuta m'mashopu a zomangira ndi a zida za galimoto ndi ya polyester, ya faibagalasi, yokonzera maboti ndi mabampa. Imeneyo si yake. Imafupika kwambiri pouma, pamwamba pamatsala pomata ikathiridwa m'silikoni, ndipo ili ndi styrene amene amadya polystyrene. Kuchotsa vinyl pa boneti n'kuikapo polyester yosauma bwino ndi kubwezera vuto lomwe lija. Yofunika ndi polyurethane ya mbali ziwiri zosakaniza mofanana, monga Smooth-Cast 300, kapena epoxy yothira.

Tayala ndi limu zimadya pafupi 7 ml. Tikusakaniza 5 ml ndi 5 ml kuti njira yothirira idzaze, poyeza ndi masirinji awiri a ku famasi, iliyonse ya botolo lake, yolembedwa chizindikiro. Smooth-Cast 300 imapatsa mphindi 3 zogwirira ntchito pa madigiri 23. Kukatentha nthawiyo imachepa kwambiri, pafupi theka pa madigiri 10 aliwonse owonjezera. Kwa anzathu a ku Tete ndi Moatize ndiye kuti masana simungathe kusakaniza ndi kuthira isanagwire. Thirani mbandakucha, kapena gulani yochedwa kuuma. Epoxy imatenga tsiku lathunthu, koma kuchedwako kumapatsa mpweya nthawi yotuluka.

Mvula yayamba, ndipo chinyezi ndi mdani wa polyurethane. Mbali imodzi ya reziniyi ikakumana ndi madzi imatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndiye tayala limatuluka lodzaza timathovu, nthawi zina lotupa. Madziwo sachokera kutali: kamtengo kotakasira, kapu ya pepala, chikombole chogona pachinyezi, botolo losiyidwa chitsegukire. Takasani ndi kapulasitiki kapena kachitsulo, m'kapu ya pulasitiki youma, ndipo tsekani mabotolo mukangotunga. Chikombole chiumitseni padzuwa kanthawi, chizizire, kenako muwazemo paudala wa talc n'kukung'untha wotsala. Paudala amakokera rezini m'timakona ta zidindo.

Loyamba kutuluka linali ndi kabowo paphewa, pomwe mpweya unatsekeredwa. Potulukira mpweya panali pansi pang'ono kuposa nsonga ya tayala. Tadula kanjira kena ndi mpeni pamalo okwerawo, ndipo pothira tikupendeketsa chikombole ndi kuchigogoda patebulo. Mbali ziwiri zimangidwe ndi malabala pakati pa timatabwa tiwiri. Malabala okha, othina, amafinya chikombole ndipo tayala limatuluka losazungulira. Lotsatira latuluka lathunthu, 33.5 mm.

Amene ali ndi mwayi wa makina osindikiza a 3D akhoza kudumpha zonsezi. Angosamala kuti gudumu lisindikizidwe lodzaza, kapena likhale ndi mabowo otulutsira rezini yamadzi. Yotsekeredwa mkati imang'amba gudumu patapita miyezi.

Kumapeto kwa Novembala

Penti yachitika magudumu asanamatidwe. Pulayimala, penti yoyambira yapansi, ndi Mr. Surfacer 1200, wopopera mopyapyala. Malimu apakidwa mtundu wa kirimu wotuwa umene a Land Rover amautcha Limestone. Atauma taphimba limu pogwiritsa ntchito rula ya mabowo ozungulira, bowo la 18 mm, n'kupopera tayala ndi Tamiya XF-85 Rubber Black. Yakuda bii siyenera, tayala lenileni ndi lotuwirako, ndipo yakuda bii imameza zidindo ndi zilembo zonse.

Guluu wa pulasitiki ngati Tamiya Extra Thin sagwira rezini, chifukwa amagwira ntchito posungunula polystyrene. Supaguluu amagwira koma sapereka nthawi yowongola, ndipo m'chinyezi chino amauma msanga kwambiri n'kusiya nthunzi yoyera pa penti. Tagwiritsa ntchito epoxy ya mphindi 30. Ya mphindi 5 m'nyengo ino imagwira musanamalize gudumu lachiwiri.

Chasisi yakhazikidwa pagalasi, pa timitengo tofanana msinkhu pansi pa maekiselo, kuti kulemera kusakhale pa magudumu guluu ali wamadzi. Pansi tayala kapepala ka pulasitiki kopyapyala. Magudumu onse anayi alowa nthawi imodzi, mbali yophwatalala itagona pagalasi, ndipo kunja kwa lililonse tatsamiritsa chidutswa cha Lego kuti liyime chilili. Tayeza 115.4 mm mbali zonse ziwiri, tayang'ana kuchokera kutsogolo ndi kumbuyo, n'kusiya usiku wonse osakhudza. Dziwani kuti gudumu lophwatalala pansi silizunguliranso. Amene akufuna galimoto yoyenda pokankha, njira yonseyi si yake.

Timitengo titachotsedwa galimoto yayima pa anayi. Yatsika pafupi theka la milimita poyerekeza ndi pa vinyl, ndipo ikuoneka yolemera monga iyenera kukhalira.

Kumayambiriro kwa Disembala

Fumbi ndi dothi lofiira la kuno, lokazingidwa pachiwaya kuti liume, losinjidwa ndi kusefedwa pansalu yopyapyala. Talisakaniza ndi madzi pang'ono, kulipaka m'zidindo, ndipo litauma tapukuta pamwamba ndi chala kuti litsale m'timipata mokha. Lagwiritsidwa ndi vanishi yosawala yosungunulidwa, yodonthezedwa ndi nsonga ya burashi, osapaka, chifukwa kupaka kumalisandutsa matope. Pa sipeya fumbi ndi lochepa ndipo lili pamwamba, osati m'zidindo. Lofiira likuoneka lowala mopitirira pa sikelo imeneyi, ndiye pa magudumu akumbuyo tikusakanizamo choko chotuwa.

Chitseko chodyeka chija chakonzedwa motere: pulasitiki yonse yofewa yapalidwa mpaka kufika polimba, dzenje ladzazidwa ndi epoxy putty, osati putty wa m'chubu amene ali ndi thina wofewetsanso pulasitiki. Tikuchisiya milungu iwiri chili ndi pulayimala yekha, tione ngati mphete ibwereranso tisanapake penti ya thupi.

Matayala a vinyl atsekeredwa m'kathumba kawokawo, kunja kwa bokosi. Amene muli ndi mabokosi osamanga m'nyumba, chitani chimodzimodzi lero, makamaka kuwatalikitsa ndi magalasi a galimoto, chifukwa galasi lodyeka silikonzeka. Zotsala ndi kumata sipeya pa boneti ndi tizitsulo take tomugwira, mapaipi a mabuleki a waya wa 0.3 mm kumbuyo kwa madilamu, ndi kuchirikiza pansi pa chasisi ndi kandodo koonekera mkati, kuti magudumu asasenze okha kulemera konse galimoto ikafika kotentha.